Kodi m'magazi muli chitsulo kapena ayironi?

Mayi wina wa ku Matero, amene amathandiza kumasulira mawu a madokotala kwa odwala ndi abale awo, watilembera kuti: "Aphunzitsi, wodwala khansa akapimidwa magazi, nthawi zina adokotala amatchula ferritin, n'kunena kuti ndi puloteni yosunga ayironi imene maselo a khansa amaidalira. Ndikati chitsulo, agogo amadabwa ngati ndikunena kuti anameza msomali. Ndikati ayironi, amangovomera koma osamva kanthu. Ndizinena chiyani?"

Mayi, funso lanu landikondweretsa kwambiri, ndipo yankho langa ndi lakuti muzinena chitsulo. Mawuwa ndi athu enieni, ndipo ine sindikayika ngakhale pang'ono kuti anachokera ku mneni woti kusula. M'chilankhulo chathu s ndi ts amalowana m'malo, monga timaonera pa tsiku ndi masiku kapena tsamba ndi masamba, kotero chitsulo ndi chinthu chosulidwa. Ndili mwana ku Katete ndinkakonda kukhala pachipala cha mkulu wina wosula makasu ndi nkhwangwa, ndikumupopera mvukuto, ndipo mawu awiriwa ankatuluka m'kamwa mwake motsatana ngati mwana ndi mayi wake. Ngakhale lero pamsika wa Soweto mumva ogulitsa akuti chisulo, ena nsimbi, ndipo katchulidwe koyambako kakuulula muzu wa mawuwo poyera.

Kudabwa kwa agogo aja n'koyenera, chifukwa nkhaniyi ndi yodabwitsadi. Chimene chili m'khasu ndi chimene chili m'magazi n'chimodzi. Thupi la munthu wamkulu limakhala ndi magalamu 3 kapena 4 a chitsulo, ndipo gawo lalikulu lili mu hemoglobin, imene imafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya wabwino. Kummwera kwa Africa kuno madokotala anapeza kalekale kuti anthu omwa kwambiri mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo amadzadza chitsulo m'chiwindi, ndipo zimenezi zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Chinachoka mumgolo n'kukafika m'chiwindi sichinasinthe dzina panjira. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva pawailesi achinyamata akuti ayironi, ngati kuti makolo athu amene ankayenga miyala m'ng'anjo analibe dzina la chinthu chimene ankachidziwa kuposa ife. Mukaona kuti wodwala wasokonezeka, onjezerani kuti chitsulo cha m'thupi, chosaoneka ndi maso, chimene timachipeza mu nyama, nyemba ndi ndiwo zamasamba.

Dzina lakuti ferritin lisiyeni momwe lilili, pakuti ndi limene lalembedwa papepala la zotsatira ndipo wodwala ayenera kulizindikira akaliona. Linachokera ku mawu a Chilatini akuti ferrum, amenenso amatanthauza chitsulo chomwechi, ndipo puloteniyi anaipatula koyamba ndi Vilém Laufberger wa ku Czechoslovakia mu 1937, kuchokera mu kapamba wa kavalo. Koma pofotokoza ntchito yake, palibe mawu oposa nkhokwe. Ferritin imapangidwa ndi zidutswa 24 zolumikizana mozungulira, m'kati mwake muli mphako, ndipo imodzi yokha ingasunge maatomu (tizidutswa tochepetsetsa) a chitsulo pafupifupi 4,500. Aliyense amene anaonapo nkhokwe ikulukidwa kumudzi amva msanga. Pali puloteni inanso yotchedwa transferrin, imene imanyamula maatomu awiri okha paulendo m'magazi n'kukatula m'maselo, ndipo imeneyo ndimaitcha mtengatenga.

Fanizoli lili ndi malire ake, ndipo womasulira wosamala ayenera kuwadziwa. Nkhokwe ya kumudzi imateteza chimanga ku mvula ndi mbuzi, pamene nkhokwe ya m'selo imatetezanso mwini wake ku chinthu chimene wasungacho, chifukwa chitsulo chikamangoyendayenda m'selo chimawononga mafuta a khungu la seloyo, mofanana ndi momwe dzimbiri limadyera lata. Apa m'pamene pagona nkhani ya khansa. Selo ya khansa imagawikana mosalekeza, ndipo siingapange DNA yatsopano (chimene chimasunga malangizo a chibadwa m'selo) popanda chitsulo, kotero imachulukitsa makomo olandirira mtengatenga uja, ndipo m'khansa zina, monga ya m'mawere, imachepetsa khomo lotulutsira chitsulo lotchedwa ferroportin. Ikadzadza motero imadalira nkhokwe kuti chuma chake chisaiphe. Nkhokwe ikapasuka chitsulo n'kumwazika, selo ikhoza kufa imfa imene gulu la Brent Stockwell la ku Columbia University ku New York linaitcha ferroptosis mu 2012, ndipo akatswiri akufufuza njira zokankhira maselo a khansa ku imfa imeneyi. M'Chichewa ine ndingati imfa ya selo yobwera ndi chitsulo.

Mawu akuti khansa ndi selo sindilimbana nawo. Anakhazikika, ndipo selo analowa bwino m'gulu la mayina otenga ma- pochulukitsa. Khansa anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza nkhanu, chifukwa asing'anga akale a ku Greece anaona mitsempha yozungulira chotupa ikufanana ndi miyendo ya nkhanu. Chimene ndimakana ndi kutcha khansa chotupa basi, pakuti si chotupa chilichonse chimene chili khansa, ndipo khansa ya m'magazi ilibe chotupa choti munthu n'kuchigwira.

Chonde Mayi, musanene kuti chitsulo chimadyetsa khansa, ngakhale mawuwo ndi achidule ndi okoma kutchula. Mayi woyembekezera akawamva akhoza kutaya mapiritsi owonjezera magazi amene analandira kusikelo, chikhalirecho iye ndi mwana wake akuwafunitsitsa. Musanenenso kuti ferritin ikakwera ndiye kuti munthu ali ndi khansa, chifukwa imakweranso pa malungo, pa matenda a chiwindi, pa kutupa kwa m'thupi ndiponso mwa munthu amene waikidwa magazi kambirimbiri. Kwa agogo aja mukanene kuti: "Agogo, m'thupi mwanu muli tinkhokwe tosungira chitsulo cha m'magazi, ndipo adokotala apima kuti aone ngati tadzadza kapena tatsala pang'ono kuuma, kenaka afufuza chimene chachititsa."