Nkhani ya makoswe isakuletseni kukajambulitsa mawere

Mayi wina wa ku Rosettenville wandilembera imelo. Akuti pa gulu la WhatsApp la amayi a kumpingo kwawo pakuyenda uthenga woti asayansi anaunika makoswe ndi X-ray n'kuwapatsanso mahomoni, makoswewo n'kutuluka zotupa m'mawere. Iwo amabayitsa jakisoni wa kulera, ndipo adokotala awauza kuti akajambulitse mammogram, komwe ndi kujambula mawere ndi X-ray. Akufunsa ngati n'kwabwino kupita.

Pitani mayi, musazengereze. Kafukufukuyo anachitikadi, koma uthengawo wasiya zambiri m'njira.

M'zaka za m'ma 1950, ku Brookhaven National Laboratory ku America, asayansi anaona kuti makoswe aakazi a mtundu wa Sprague-Dawley akawombedwa ndi radiation yambiri, yomwe ndi mphamvu yosaoneka ngati imene imatuluka mu X-ray, amachita zotupa m'mawere. Koma akayamba awachotsa mabasiketi a mazira, komwe kumachokera homoni ya estrogen, zotupazo zinkachepa kwambiri. Mu 1971, Segaloff ndi Maxfield anapeza kuti makoswe opatsidwa X-ray pamodzi ndi mankhwala a DES, omwe amagwira ntchito ngati estrogen, ankachita khansa yochuluka kuposa opatsidwa chimodzi chokha.

Zimayenda chonchi. Radiation imavulaza DNA, yomwe ndi malangizo oyendetsera selo, m'kati mwa selo la m'bere. Selo lovulala likhoza kungokhala phee, osavuta. Estrogen ndi prolactin, homoni yoyambitsa mkaka ija, ndi zimene zimalamula maselo a m'bere kuti azigawikana, ndiye lovulala lija limaswana nawo limodzi. Zili ngati khala la moto ndi mphepo: khala likhoza kuzima lokha, koma mphepo ikaliuzira, tchire lapsa.

Apa ndiye mumvetsetse. Makoswewo ankapatsidwa dala radiation yochuluka kwambiri, ali aang'ono, mawere akukula kumene, pofuna kuti zotupa zioneke. Mammogram imodzi ndi pafupifupi 0.4 mSv (muyeso wa radiation), pamene munthu amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kuthambo. Komanso mu jakisoni wa kulera wa Depo mulibe estrogen, ngakhale kuti za njira yolerera yokuyenerani ndi bwino kukambirana ndi anamwino, makamaka ngati kumtundu kwanu wina anadwalapo khansa ya m'mawere.

Chimene chimandiwawa ine n'choti amayi athu ambiri kuno ku Joni amafika kuchipatala chotupa chitakula kale, chifukwa cha mantha ngati amenewa. Pa Helen Joseph Hospital pali kiliniki ya mawere. Tengani kalata ya adokotalayo, mupemphe mnzanu akuperekezeni.