Intaneti ikugwira, koma makompyuta awiri a m'nyumba imodzi sakuonana

Bambo wina wa ku Chilomoni ku Blantyre anditumizira imelo yomwe ndiifupikitsa motere. Pa balaza ali ndi rauta ya 4G, ija yolowetsa simu khadi. Wi-Fi yake sinkafika bwino kuchipinda chakumbuyo komwe amagwirira ntchito, ndiye mphwawo anakoka kebulo n'kuikako rauta yachiwiri. Desikitopu ya Windows 10 ili pa kebulo ku rauta yachiwiriyo, ndipo printa ili pa desikitopuyo kudzera pa USB. Laputopu ya Windows 11 imagwiritsa ntchito Wi-Fi ya pa balaza. Makompyuta onse awiri amalowa pa intaneti bwinobwino, koma pa laputopu akatsegula Network mu File Explorer desikitopu siioneka, ndipo akaifuna ndi dzina lake amalandira uthenga wa 0x80070035. Funso lawo: "Yawonongeka ndi iti, ndipo ndigule chiyani?"

Musagule kanthu kaye, Bambo. Mmene mwafotokozeramu ndikukayikira rauta yachiwiri ija kuposa makompyuta, koma tisagamule mlandu tisanamve mboni.

Mboni imene ndikufuna muisiye ndi mndandanda wa Network mu File Explorer. Kuti kompyuta ioneke pamenepo pamafunika zinthu zingapo zigwire ntchito nthawi imodzi, ndipo chimodzi chikangolephera mndandandawo umangokhala mbee, osanena chimene chavuta. Kompyuta imatha kusaoneka pamenepo koma mafayilo ake n'kumatseguka ndithu. Intaneti nayonso si umboni. Kompyuta iliyonse ikudziwa geti lotulukira kunja, koma zimenezo sizikutanthauza kuti ikudziwa njira yopita kwa inzake.

Funsani kompyuta iliyonse adiresi yake. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter, ndipo pa windo yakuda imene itseguke lembani ipconfig. Koperani papepala mizere itatu: IPv4 Address, Subnet Mask ndi Default Gateway. Pa laputopu tengani ya pansi pa mutu wa Wi-Fi, pa desikitopu ya pansi pa Ethernet. Subnet Mask ikakhala 255.255.255.0, monga zilili pafupifupi m'nyumba iliyonse, manambala atatu oyambirira a adiresi ali ngati dzina la mudzi, ndipo yomaliza ndi nambala ya nyumba. 192.168.8.101 ndi 192.168.8.102 ndi a m'mudzi umodzi, amalankhulana mwachindunji. 192.168.8.101 ndi 192.168.0.100 ndi a midzi iwiri. Marauta ambiri a 4G a Huawei amabwera ali pa 192.168.8.1, ndipo a TP-Link ambiri pa 192.168.0.1, choncho sindidabwa mukapeza manambala ngati amenewa papepala lanu. Kwa ena amene mukuwerenga: adiresi yoyamba ndi 169.254 ndi ya kompyuta imene inapempha adiresi kwa rauta, osayankhidwa, n'kudzipatsa yokha. Pamenepo yang'anani kebulo, kabowo ka pa rauta ndi DHCP (ntchito ya rauta yogawa maadiresi) musanakhudze china chilichonse.

Ngati midzi ili iwiri, pitani kuseri kwa rauta yachiwiri muone pamene kebulo yochokera pa balaza yalowa. Mwina ili pa kabowo kolembedwa WAN kapena Internet, kamene kamakhala ka mtundu wakewake. Rauta imatenga chilichonse chobwera kudzera pa kabowo kameneko ngati cha kunja. Zimene zili mkati mwake zikayamba kulankhula imazilola kutuluka, mayankho n'kubwerera, n'chifukwa chake desikitopu ili ndi intaneti. Koma wa kunja akagogoda yekha, sitsegula. Kwa rauta yachiwiriyo laputopu yanu ndi mlendo ngati wina aliyense wa pa intaneti. Kuwonjezera apo, rauta ya pa balaza sidziwa n'komwe kuti kuli mudzi wa 192.168.0, ndiye laputopu ikafunsa za desikitopu, funsolo limasochera. Chizindikiro chake n'chakuti desikitopu imatha kufika kwa laputopu, koma laputopu osafika kwa desikitopu.

Mankhwala ake ndi kuivula ufumu rauta yachiwiriyo kuti ingokhala chowonjezera cha yoyamba. Lowani mu masetingi ake polemba adiresi yake pa browser ya desikitopu, ndipo fufuzani Operation Mode. Ngati pali Access Point, sankhani imeneyo, rauta iyakenso, nkhani yatha. Ngati palibe, chitani pamanja, koma motsatira ndondomeko iyi, chifukwa mukasemphanitsa mudzitsekera kunja. Zulani kaye kebulo ya pa WAN. Sinthani LAN IP, imene ndi adiresi ya rautayo m'nyumbamo, kukhala 192.168.8.2, kapena nambala ina ya m'mudzi wa rauta yoyamba imene ili kunja kwa manambala amene iyo imagawa. Ambiri amayamba kugawa pa 100, koma onetsetsani pa yanu. Ikayakanso, lowani pa adiresi yatsopanoyo, thimitsani DHCP Server, sungani. Kenako lowetsani kebulo yochokera pa balaza pa kabowo ka LAN, ka WAN kakhale kopanda kanthu. Pa desikitopu lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew, ndipo ilandire adiresi ya 192.168.8. Musaiwale DHCP ija. Marauta awiri akamagawa maadiresi m'nyumba imodzi, chipangizo chimatenga adiresi kwa amene wafulumira kuyankha, ndipo mumakhala ndi netiweki yogwira m'mawa, madzulo yakana, popanda amene waikhudza.

Tinene kuti tsopano desikitopu ili pa 192.168.8.102, ndipo tiigogoda ndi lamulo la ping kuti tione ngati iyankha. Pa laputopu, pa windo yakuda ija, lembani:

ping 192.168.8.102

Mizere inayi ya Reply from 192.168.8.102 yokhala ndi time= ndiye kuti njira ilipo. Pali mayankho ena awiri amene anthu amawasakaniza, chonsecho akunena zosiyana. Destination host unreachable akutanthauza kuti laputopu yaitana m'mudzi monse, palibe wavomera kuti adiresiyo ndi yake: desikitopu yagona, mwalakwitsa nambala, kapena rauta ikuletsa. Request timed out nthawi zambiri akutanthauza kuti mwini nyumba alipo koma sakuyankha. Mukhoza kutsimikiza polemba arp -a nthawi yomweyo. Ngati 192.168.8.102 ili pamndandandawo ndi Physical Address yake (nambala ya khadi yake ya netiweki), desikitopu ili moyo, ndipo imene yatseka pakamwa ndi firewall, mlonda wa kompyuta amene amasankha zolowa kuchokera pa netiweki.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Windows imaika netiweki iliyonse m'gulu la Public kapena la Private. Pa Public kompyuta imabisala, monga iyenera kuchitira pa Wi-Fi ya ku hotela kapena ku sukulu, ndipo Windows 11 imaika netiweki yatsopano pa Public payokha. Dziwaninso kuti mukasintha za marauta zija, desikitopu iona ngati yafika pa netiweki yachilendo ndipo ikhoza kubwerera ku Public. Pa makompyuta onse awiri pitani ku Settings, Network & internet, tsegulani Properties ya Wi-Fi kapena Ethernet imene mukugwiritsa ntchito, sankhani Private. Kenako mu Advanced sharing settings yatsani Network discovery ndi File and printer sharing pansi pa Private. Pa Windows 10 zili mu Control Panel, Network and Sharing Center. Kuyatsa File and printer sharing kumatsegulanso lamulo la firewall lolola ping. Kuthimitsa firewall yonse musakuchite, kupatula kwa mphindi imodzi poyesa. Antivirus ya kampani ina imabwera ndi firewall yakeyake imene sisamala zomwe mwasankha mu Windows, ndipo VPN zina zimatseka njira zonse za m'nyumba zikayaka, choncho yang'ananinso zimenezo.

Ping ikamakanabe ndi Destination host unreachable maadiresi ali a m'mudzi umodzi, lowani mu rauta mufufuze AP Isolation kapena Client Isolation pa masetingi a Wi-Fi, muithimitse. Onaninso kuti laputopu sili pa Wi-Fi ya Guest, chifukwa imeneyo anaipangira dala kuti mlendo apeze intaneti yokha.

Ping ikayankha sindiye kuti mafayilo atseguka. Windows imagawana mafayilo kudzera pa SMB, imene imadikira pa khomo lotchedwa port 445. Pa laputopu tsegulani PowerShell mulembe:

Test-NetConnection 192.168.8.102 -Port 445

Mzere womaliza ukanena TcpTestSucceeded : True, netiweki yanu ilibenso mlandu. Dinani Windows ndi R, lembani \\192.168.8.102, dinani Enter. Adiresi ikatsegula koma dzina la kompyuta likukana, kapena desikitopu siikuonekabe mu Network, tsegulani services.msc pa desikitopu, pezani Function Discovery Resource Publication, iikeni pa Automatic ndi kuiyatsa. Ine ndingangopanga shortcut ya adiresiyo pa laputopu, za mndandanda n'kuziiwala.

Chotsala ndi pasiwedi, ndipo ndi pamene pamathera nthawi yambiri. Windows ikafunsa dzina ndi pasiwedi, ikufuna za akaunti ya pa desikitopu, osati ya pa laputopu. PIN imene mumatsegulira kompyuta siigwira ntchito pa netiweki. Akaunti yopanda pasiwedi nayonso Windows siilola kulowa kuchokera pa kompyuta ina, ndipo desikitopu zambiri za m'nyumba zili ndi akaunti zoterozo. Njira yosavuta ndi kupanga akaunti ina pa desikitopu ya ntchito imeneyi yokha: Settings, Accounts, Family & other users, Add someone else to this PC, kenako sankhani kuika munthu wopanda akaunti ya Microsoft. Itchuleni, mwachitsanzo, banja, ndipo ipatseni pasiwedi. Pangani foda yatsopano pa C:, monga C:\Zogawana, m'malo mogawa Documents kapena Desktop, chifukwa mafoda amenewo amatsekeredwa mwini akaunti. Dinani kumanja pa fodayo, Properties, Sharing, Advanced Sharing, chongani Share this folder, ndipo pa Permissions ikani banja ndi Change. Pitaninso pa tabu ya Security muike banja ndi Modify. Maloko ndi awiri, ndipo Windows imatsatira limene lathina kwambiri, ndiye mukatsegula limodzi lokha mudzaona fodayo koma kusungamo kanthu n'kukana. Pa laputopu dzina mulembe motere: dzina la desikitopu, kenako \banja. Dzina la desikitopu mulipeza polemba hostname pa windo yakuda ija. Ngati munalembapo pasiwedi yolakwika n'kuchonga kuti ikumbukire, Windows izingoyesa yomweyo mwakachetechete. Ifafanizeni mu Credential Manager pansi pa Windows Credentials, kenako lembani net use * /delete.

Mukafufuza 0x80070035 pa intaneti mupeza malangizo awiri akale amene akuyendabe. Oyamba ndi a HomeGroup, njira yakale yogawirana mafayilo m'nyumba, imene Microsoft inaichotsa mu Windows 10 m'chaka cha 2018, choncho musavutike kuifuna. Achiwiri ndi oti muyatse SMB 1.0. Musatero. Ndi khomo limene vayirasi ya WannaCry inalowera m'makompyuta a m'mayiko ambiri mu May 2017, ndipo pakati pa Windows 10 ndi Windows 11 silifunika n'komwe. Ena adzakuuzani kuti muthimitse Password protected sharing. Kale zinkathandiza, koma kuyambira pa Windows 11 24H2 malamulo a SMB anakhwimitsidwa, ndipo kulowa ngati mlendo wopanda pasiwedi kumakanidwa kawirikawiri. Akaunti ya banja ija imakupulumutsani ku zonsezi.

Printa imadutsa njira yomweyi. Pa desikitopu, mu Printer properties, tabu ya Sharing, chongani Share this printer. Pa laputopu tsegulani \\192.168.8.102, printa ionekera pafupi ndi foda, idineni kawiri. Mukalandira uthenga wa 0x0000011b, dziwani kuti unayamba kuvutitsa anthu mu September 2021 Microsoft itakhwimitsa chitetezo cha kusindikiza kudzera pa netiweki, ndipo choyamba kuchita ndi kuika ma update onse pa makompyuta awiriwo. Kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndiye kusiyana kwa makompyuta anuwo kuzikulirakulira. Ngati printa ili ndi Wi-Fi kapena kabowo ka kebulo ya netiweki, ilumikizeni ku rauta mwachindunji, aliyense azisindikiza osadalira kuti desikitopu yayaka. Ikakhala ya USB yokha, pitani pa Power & sleep pa desikitopu muike Sleep pa Never, apo ayi laputopu izidzapeza mnzake ali mtulo.

Za bandulo musade nkhawa. Fayilo yochoka pa desikitopu kupita pa laputopu imangodutsa m'marauta a m'nyumbamo, siifika pa simu khadi, mosiyana ndi kudzitumizira pa WhatsApp kapena pa imelo. Pa rauta ya mabowo a 100 Mbps yembekezerani pafupifupi 11 MB pa sekondi, kutanthauza kuti fayilo ya 1 GB itenga mphindi imodzi ndi theka ngati Wi-Fi ili yamphamvu. Ngati marauta onse ndi a gigabit (1000 Mbps) koma Windows ikuonetsa 100 Mbps, kayikirani mutu wa kebulo imene mphwanu anapana: gigabit imafuna mawaya onse 8, pamene 100 Mbps imayenda ndi 4 okha, ndiye waya mmodzi wosalumidwa bwino amatha kutsitsa liwiro popanda kudula intaneti.

Pali chinthu china chimene chidzakusokonezani patapita masiku. Magetsi akathima n'kuyakanso, marauta ambiri amaiwala amene anali ndi adiresi iti, ndipo foni ya mwana ikafulumira kulumikiza ikhoza kutenga 102 ija. Shortcut ndi printa zidzasiya kugwira ngakhale palibe chawonongeka. Pa desikitopu lembani ipconfig /all, koperani Physical Address ya Ethernet, ndipo mu rauta ya pa balaza, pa gawo la DHCP, imangirireni ku adiresi imodzi. Ena amalemba Address Reservation, ena IP and MAC binding. Marauta ena a 4G alibe gawo limeneli. Yanu ikakhala yotero, lembani adiresi pamanja mu masetingi a Ethernet pa desikitopu: 192.168.8.20, Subnet Mask 255.255.255.0, Gateway ndi DNS zonse 192.168.8.1, kenako shortcut ndi printa muzilozetse ku 20.