Vinyo wofiira wamphamvu: musapusitsidwe ndi kulemera kwake

Achimwene, mwafunsa mabotolo oti mugule pokalawa ndi anzanu vinyo wofiira wamphamvu wa kumwera kwa dziko lapansi, komanso mmene mungadziwire wabwino. Anayi akwana, kupitirira apo lilime limatopa. Tengani Pinotage wa ku Stellenbosch, yemwe savuta kupeza poti vinyo wa ku South Africa ndiye wochuluka m'masitolo akuno, Carmenère wa ku Chile, Malbec wa ku Mendoza ku Argentina, ndi Shiraz wa ku Barossa Valley ku Australia. Pinotage, Carmenère, Malbec ndi Shiraz ndi mayina a mitundu ya mphesa. Mitengo ndi zaka zake zikhale zoyandikana, apo ayi mukhala mukuyesa thumba osati mphesa.

Ambiri amagwa pa kutentha. Vinyoyu amakhala ndi mphamvu ya mowa ya 14% mpaka 15%, ndiye akafunda amangowotcha kukhosi, zipatso zonse n'kubisika. Amafuna madigiri 16 mpaka 18 Celsius. Nyengo yotentha ikani botolo m'filiji mphindi 30, koma akazizira kwambiri amawawa. Tsegulani kudakali ola limodzi, mumuthire m'jagi yoyera kuti apume. M'tambula thirani mamililita 50 okha kuti muthe kumuzunguza osataya.

Nunkhizani kaye musanazunguze, kenako zunguzani n'kununkhizanso. Mukamwa pang'ono, musungeni mkamwa masekondi asanu. Malovu akamatuluka, ndiye kuti kuwawasa kwake kulipo, ndipo vinyo wolemera wopanda kameneka amatopetsa msanga. Kenako mverani nkhama. Kuuma kuja, konga kwa nthochi yosapsa, ndi tannin, wochokera ku makoko ndi njere za mphesa. Mwa vinyo wabwino amagwira mofewa, mwa wosapangidwa bwino amakala lilime ndipo sachoka. Mukameza kapena kulavula werengani: kukoma kukazimirira pasanathe masekondi asanu n'kutsala kutentha kokha, vinyoyo ndi wamba ngakhale akhale wakuda bii.

Aliyense ali ndi pomwe amaterereka. Carmenère amachedwa kupsa, ndiye fungo la tsabola wobiriwira likaphimba zonse, mphesa anazithyola msanga. Pang'ono pokha ndi chibadwa chake. Shiraz wa ku Barossa, kotentha kuja, amatha kumveka ngati jamu. Malbec wa ku Uco Valley ku Mendoza, komwe minda yambiri ili pamwamba pa mamita 1,000, amasunga kuwawasa bwino chifukwa usiku kumazizira. Pinotage, yemwe Abraham Perold anamupanga mu 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut, akalakwika amanunkha mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Pinotage wina amanunkhira khofi kwambiri. Fungolo ndi la thabwa la mtengo wa oak lowaulidwa lomwe amakhwimitsira vinyo, ndipo kwa ine likachuluka limangobisa mphesa.

Fungo la katoni yonyowa ndi vuto la chitsekerero cha cork, botolo limenelo libwezeni. Vinyo wakamtundu ka bulauni wonunkha zipatso zophika anakhalitsa potentha, choncho musagule botolo lomwe laima pawindo la sitolo kapena lomwe ladontha pakhosi.

Kulungani mabotolo m'mapepala kuti dzina lisakunyengeni, Shiraz akhale womaliza. Pakati pake madzi ndi buledi wopanda majarini. Lavulani m'kapu, aliyense alembe zake asanamve za mnzake. Nyama yootcha ibwere mukamaliza kulemba, chifukwa mafuta ake amafewetsa tannin, ndipo vinyo wokala uja amayamba kumveka ngati wabwino.