Mukufuna kudula Bonneville ya bambo anu?

Mwandilembera kuti malemu bambo anu anakusiyirani njinga yamoto ya Triumph Bonneville ya 1968, ndipo mukufuna kuipaka utoto wakuda ndi kudula felemu kumbuyo, koma anzanu akuti mukuiwononga. Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Yandigunda pachilonda.

Ine ndinadulapo. Inali Honda CB750, njinga yamoto yomwe inadzidzimutsa makampani a ku Britain itatuluka mu 1969 ndi masilinda anayi komanso buleki ya disiki kutsogolo. Ndinali mnyamata, magazi akuwira, ndikufuna chishalo cha munthu mmodzi chokhala ndi kalinunda kumbuyo. Loweruka lina ndinatenga sowo, mphindi khumi zisanakwane chitsulo chinali pansi. Inakongola, sindikunama, ndipo ndinayenda nayo monyadira zaka zitatu. Kenako ndinakwatira. Tsiku lomwe akazi anga anapempha kuti ndiwakweze, panalibe pokhala, panalibe popondera. Wowotcherera anayesetsa kulumikiza chitsulo china, koma mpaka lero ndikapititsa dzanja pamenepo chipsera ndimachimva, mtima n'kundipweteka.

Komabe musaganize kuti ndili mbali ya anzanuwo. Anthu amene amawerenga mabawuti, n'kumakwiya akaona galasi losakhala la ku fakitale, amaiwala mbiri ya njinga zomwe akuzitetezazo. M'zaka za m'ma 1960, anyamata osonkhana pa malo odyera a Ace Cafe ku London ankazula injini ya Triumph n'kuikhazika pa felemu ya kampani ina, Norton, yotchedwa Featherbed, n'kuitcha Triton. Lero aliyense amaisirira. Ngakhale dzina loti Bonneville linachokera ku chidikha cha mchere ku Utah, ku America, komwe Johnny Allen mu 1956 anathamangitsa injini ya Triumph yoikidwa m'thupi lalitali ngati ndudu, losafanana n'komwe ndi njinga ya m'sitolo. Ndiye wina azindiuza kuti kusintha njinga n'tchimo? Ayi ndithu.

Chimene chimandinyansa kwenikweni n'china. Ambiri amati akutsata kukonda kwawo, pomwe akungokopera zithunzi za pa intaneti: chishalo chabulauni, nsalu yokulunga pa ekizozi, madigadi ochotsa, utoto wakuda wosawala. Njinga zana limodzi, nkhope imodzi. Nanga mtima wa mwiniwake uli pati pamenepo? Dzifunseni ngati mtundu wakudawo munaukonda musanauone pa foni. Ndipo utoto woyamba ukapalidwa wapita, ngakhale mmisiri waluso bwanji sangabwezeretse kufwifwa komwe mawondo a bambo anu anasiya m'mbali mwa thanki. Pamenepa sindigonja.

Nanga muchite chiyani?

Yendani nayo kaye chaka chathunthu mmene ililimu. Onani ngati nambala ya pa injini ikufanana ndi ya pa felemu, chifukwa Triumph za nthawi imeneyo zinkatuluka ndi nambala imodzi, ndipo ikapezeka choncho ndiye kuti muli ndi chinthu chosowa. Matayala, mabuleki ndi mawaya akale sinthani osazengereza. Chilichonse chomasuka ndi sipanala mutha kusintha, koma sowo asayandikire felemu. Gulani thanki ina, imeneyo ndiye muipake utoto wakudawo. Ya bambo anu muikulunge m'bulangeti, muisunge pouma pamodzi ndi chishalo chawo, ngakhale chitang'ambika.