MSAA kapena FXAA? Yankho kwa mnzathu wa ku Luchenza

Mnzathu wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Akuti achimwene ake a ku Joni adamutumizira laputopu ya Core i5, RAM ya 8GB, sikirini ya 1366x768, yodalira Intel HD Graphics basi (kachipangizo kojambula zithunzi ka mu purosesa momwemo, osati khadi la zithunzi lapadera). Akamasewera GTA V, mawaya a magetsi ndi m'mphepete mwa nyumba mumaoneka zokhakhala ngati mano a sowo. Atayatsa MSAA x4, imodzi mwa njira zosalazira mizere mu gemu, mizere idawongoka, koma gemu idayamba kudukizadukiza. Funso lake: asankhe chiti, MSAA kapena njira ina yotchedwa FXAA?

Mnzanga, zimitsani MSAA, muyatse FXAA. Koma ndifotokoze chifukwa chake, poti mawa mudzakumana ndi gemu ina.

Sikirini yanu ndi timabokosi ting'onoting'ono, mapikiselo, topitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ya 1920x1080 ili ndi topitirira mamiliyoni awiri. Mzere woimirira kapena wogona umakwana bwino m'timabokosito, koma wopendekeka umachita kudumpha kuchoka pa bokosi ili kupita pa linzake, n'chifukwa chake mukuona zokhakhalazo. Anti-aliasing ndi njira zosakaniza mitundu m'mphepetemo kuti diso lione mzere wosalala. MSAA ndi FXAA ndi zina mwa njirazi, ndipo zimasiyana kulemera kwake.

MSAA imayeza pikiselo iliyonse ya m'mphepete mwa chinthu pamalo awiri, anayi kapena asanu ndi atatu, ndiye tanthauzo la x2, x4 ndi x8 lija. Zotsatira zake n'zokongola ndithu, chithunzi chimakhalabe chakuthwa. Vuto ndi loti imadya memore kwambiri, ndipo Intel HD ilibe memore yakeyake, imabwereka ku RAM yomweyo ya 8GB imene Windows ndi gemu akulimbirana kale. GTA V, imene idafika pa kompyuta mu 2015, imadziwika kuti MSAA yake imalemetsa ngakhale makadi a zithunzi abwino. Choipa china, masamba a mitengo ndi mipanda ya waya sizikonzeka kwenikweni ndi MSAA, chifukwa zambiri mwa izo ndi zithunzi zokhala ndi malo oonekera, osati zinthu zoumbidwa. Mumalipira zambiri, mpanda n'kumanyezimirabe.

FXAA idapangidwa ndi Timothy Lottes ali ku NVIDIA. Iyo imadikira chithunzi chonse chijambulidwe, kenako imafunafuna pamene mitundu yasiyana mwadzidzidzi n'kupakapo pang'ono. Ndi yopepuka moti mwina simudzazindikira n'komwe kuti yayaka. Imafewetsa chithunzi chonse, inde, ndipo anthu a makompyuta amphamvu amainyoza pa chifukwa chimenechi. Asiyeni anyoze, iwo sakusewerera pa Intel HD.

TXAA imene mukuiona pamndandandawo musavutike nayo, imafuna khadi la NVIDIA. DLSS nayo ndi ya makadi a RTX okha, amene adayamba kutuluka mu 2018. M'magemu atsopano mupeza TAA, yosakaniza chithunzi chino ndi zam'mbuyo. Imathetsa kunyezimira koma chinthu chothamanga chimasiya kamthunzi m'mbuyo. Mukapeza SMAA, itengeni m'malo mwa FXAA, imakhala yakuthwako. Anyamata osewera Euro Truck Simulator 2 asamale ndi Scaling: 400% ndiye kuti kompyuta ikujambula mapikiselo ochuluka kanayi, laputopu ngati yanuyi siingapirire.

Tsopano chimene ambiri amalakwitsa. Amatsitsa resolution, kuchuluka kwa mapikiselo kuja, kufika 800x600 kuti gemu ithamange, kenako n'kuyatsa MSAA kuti ikongole. Kumeneko n'kudzipweteka kawiri. Siyani resolution pa 1366x768 ngati kungatheke, kapena 1280x720 ikakanika, mutsitse kaye mithunzi, udzu ndi Reflection Quality. Mu gawo la Graphics la GTA V muli kamzere kosonyeza Video Memory pamwamba, musakadzadzitse. Mulinso Benchmark yoyesera liwiro la gemu, iyendetseni mukasintha chinthu chimodzi, osati zisanu nthawi imodzi. Ikamakhala pa mafelemu (zithunzi) 30 pa sekondi osatsika, mwapata.

Poyesa musaime malo amodzi n'kumasirira nyumba. Kwerani galimoto muthamange pakati pa tawuni, pomwepo m'pamene kudukiza kumaonekera. Yesaninso chaja chili cholumikiza, chifukwa magetsi akazima laputopu imachepetsa yokha mphamvu kuti batire ikhalitse, ndiye zimene zimayenda bwino masana zingakhale zina usiku. Kutentha kwa Okutobala kuno kumachitanso zomwezo: purosesa ikatentha kwambiri imadzibweza liwiro. Musaiike pa bedi kapena pa bulangete, ikhale pa tebulo, kumbuyo kwake mukweze ndi kathabwa kuti mphepo izilowa pansi.