"Anasewera ndi Brad Pitt": chiganizo chimodzi, matanthauzo awiri

Funso: Zikomo aphunzitsi. Ine ndi anzanga timakonda masewera olumikiza mafilimu. Wina amatchula katswiri wa zisudzo, ife n'kumafufuza njira yofikira kwa Kevin Bacon, katswiri wa mafilimu wa ku America, podutsira anthu amene anaonekera m'filimu imodzi. Tsiku lina mnzathu analemba pa WhatsApp kuti "M'filimuyo anasewera ndi Brad Pitt," ndipo tinakangana chifukwa aliyense anamva zake. Kodi iyeyo analakwitsa? Nanga mawu oyenera ndi ati, filimu kapena kanema? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Mnzanuyo sanalakwitse, koma analemba chinthu chomwe chimamveka bwino pakamwa pokha. M'Chichewa muli "ndi" awiri olembedwa mofanana. Wina ndi wa "uyu ndi mphunzitsi", amene timamutchula motsitsa mawu. Winayo ndi wa "ndapita ndi mphunzitsi", ndipo ameneyu timamutchula mokweza. Khutu limasiyanitsa mosavuta, koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. N'chifukwa chake ena mwa inu anamva kuti munthu amene anasewerayo dzina lake ndi Brad Pitt, pomwe ena anamva kuti pali wina amene anasewera pamodzi naye.

Pa macheza wamba zimenezi sizivuta, nkhani yokha imakutsogolerani. Koma masewera anuwa, omwe anayambitsidwa mu 1994 ndi ophunzira atatu a pa Albright College ku Pennsylvania, agona pa funso lomwelo lakuti ndani anali ndi ndani. Mukasokoneza "ndi" mmodzi, unyolo wonse waduka.

Tiyeni tiyese ndi munthu wakwathu. Lily Banda anasewera limodzi ndi Chiwetel Ejiofor mu *The Boy Who Harnessed the Wind* ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu. Ejiofor anasewera limodzi ndi Brad Pitt mu *12 Years a Slave* ya mu 2013. Pitt naye anaonekera pamodzi ndi Bacon mu *Sleepers* ya mu 1996. Masitepe atatu basi, mwafika. Mwaona kuti paliponse ndaikapo "limodzi" kapena "pamodzi"? Mankhwala ake ndi omwewo. Mukafuna tanthauzo linalo, yambani ndi "amene" ndipo mugwiritse "ndiye": "Amene anasewera m'filimuyo ndiye Brad Pitt." Pa tanthauzo la "limodzi" lija, muthanso kutembenuza chiganizo n'kunena kuti "Brad Pitt anasewera naye," pakuti "naye" sasokoneza munthu.

Chenjeraninso ndi mneni "kusewera" ngati malamulo anu amalola kudutsira anthu osaoneka pa chithunzi. Wogwira kamera sasewera, wolemba nkhani sasewera. Kwa amenewa nenani kuti "anagwira nawo ntchito". Ejiofor yemweyo ndi chitsanzo chabwino: m'filimu ya Kamkwamba anasewera ngati bambo ake a William, komanso ndiye anaitsogolera. Ena amati dayilekitala, ndipo sindiwaletsa, ngakhale ine "wotsogolera filimu" amandikwanira.

Za filimu ndi kanema, mawu onse awiri ndi obwereka ndipo anakhazikika kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti kanema ali ndi katundu wambiri. Munthu akati "ndaonera pa kanema" nthawi zambiri akunena wailesi ya kanema, ndipo kachidutswa ka mphindi imodzi ka pa foni nakonso timati kanema. Pa masewera anu ndinganene kuti musankhe filimu, kuti wina asabweretse nkhani za madzulo kapena nyimbo ya pa YouTube n'kumati nayonso iwerengedwe. Musaiwale mgwirizano wa mawu: timati "filimu iyi ndi yabwino" koma "kanema uyu ndi wabwino". Zikachuluka ndi mafilimu ndi makanema, ndipo onsewo amatenga "awa".