Maenje a ku Nkhata Bay si a mud shrimp

Achimwene, munafunsa ngati ndi maenje a mud shrimp, tizilombo tapachibale ndi nkhanu tokumba m'matope. Ayi ndithu, maenje munawaona m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay aja sanakumbidwe ndi mud shrimp. Tizilombo timeneti timakhala m'madzi amchere, makamaka m'matope a pamene mtsinje ukuthira m'nyanja yaikulu, pomwe Nyanja ya Malawi madzi ake ndi opanda mchere. Ine ndikuganiza kuti ndi nkhanu basi, za gulu la Potamonautes. Kwathu kuno ana akapita kumtsinje amazipeza pansi pa miyala ndi m'maenje a m'gombe.

Nkhanu ndi mud shrimp n'zapachibale ndithu, zonse zili m'gulu la Decapoda, lokhala ndi miyendo khumi. Koma mud shrimp zambiri ndi za mtundu wa Upogebia, ndipo imodzi yodziwika bwino, Upogebia africana, imadzaza m'matope a ku Knysna ku South Africa, komwe asodzi amaikumba n'kukolera ku mbedza ngati nyambo. Una wake umakhala ndi makomo awiri, wopindika ngati chilembo U. Kanyamako kamakhala mkatimo kakupalasa madzi ndi timiyendo ta pamimba kuti azidutsa mu unawo, kenako n'kusefa tizakudya ndi ubweya wa m'miyendo yakutsogolo. Kupalasako kumalowetsanso mpweya m'matope.

Ngati n'za homuweki ya mwana, izi zikwanira. Koma ngati mukulemba lipoti lenileni, gwirani kanyama ka m'maenje a ku Nkhata Bay aja, kajambuleni bwino pamsana ndi pamimba, mupite nazo kwa aphunzitsi a zansomba ku Mzuni kapena ku ofesi ya Fisheries. Poyang'ana dzenje lokha palibe angakuuzeni dzina lake motsimikiza.